Moto wa m'machubu wa a Goliati

Kuseri kwa nyumba ya a Goliati Mbewe ku Kanyama, dera lina la mumzinda, kunali kachipinda kamene kale munkagona nkhuku. Nkhuku zitatha, zina kudyedwa zina kufa ndi chitopa, a Goliati anasesamo bwinobwino, n'kutseka zenera ndi masaka awiri, n'kukhoma loko pachitseko. Kuyambira tsiku limenelo aliyense pakhomopo ankayenera kukatcha labu. Akazi awo, a Felistus, ankakatchabe khola, koma pokhapokha eni ake akatalikira.

Dzina la Goliati linawapeza molakwika. Anali munthu wamfupi, wochepa thupi, woyenda mosamala ngati ali ndi mazira m'thumba. Bambo awo anachoka ku Ntcheu n'kuoloka malire a dziko kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo mwina potcha dzinali ankayembekeza chiphona. M'malo mwake anabala munthu wokonda kufufuza. A Goliati sankadutsa chinthu osachitembenuza kuti aone kunsi kwake.

Zaka khumi ndi zinayi anagwira ntchito m'labu ya fakitale ina yopanga zitofu ndi ng'anjo. Ntchito ya labuyo inali yoyesa moto, kuti adziwe pamene lawi limakhazikika ndi pamene limathawa. Injiniya ankalowa m'chipinda chamdima n'kukhala pansi, maso ali pakamwa pa paipi pomwe lawi likuyaka, rula itaimikidwa kumbuyo kwa lawilo. Womuthandiza ankakhala kunja kwa khoma, dzanja lili pa mpopi wa gasi, maso pa kachubu kagalasi kopindika komwe madzi ofiira ankakwera ndi kutsika motsatira mphamvu ya gasiyo. Wakunjayo ankatsegula mpopi pang'onopang'ono mpaka wamkati atanena kuti lawi lanyamuka, ndiye kuti lasiya chitsulo n'kuima m'malere. Kenaka ankatseka pang'onopang'ono mpaka lawi litathawira m'paipi n'kulira kuti phu. Pakati pa malire awiriwo ndi pamene moto umakhala mwamtendere. Ankabwereza katatu, n'kuyatsa fani kuti aone zimene mphepo ya m'mbali ingachite, zonsezo n'kumalemba m'buku.

Zaka zonsezo a Goliati anali wakunja. Manambala a moto ankawadziwa pamtima, koma nkhope ya lawi pa nthawi yothawa sanaionepo ndi kamodzi komwe. Zimenezi zinkawadya mumtima. Choncho pamene kwacha inagwa, fakitale n'kusowa pogula zitsulo, antchito n'kupatsidwa makalata oti akapumire kwawo, iwo anabwerera ku Kanyama ndi chisoni chimene chinali ndi kachimwemwe kobisika mkati. Tsopano akanakhala ndi labu yawoyawo, ndipo wamkati ndi wakunja yemwe akanakhala iwo.

Chinali chaka chimene ufa unkagulidwa ndi makuponi, sopo ndi mafuta ophikira anthu n'kumazipeza ataima pamzere kuyambira m'mawa. Makala nawo ankakwera mtengo sabata iliyonse. A Goliati anakumbukira zimene anamva ku labu, zoti ndowe zikaolera m'chiwiya chotsekedwa zimatulutsa mpweya woyaka. Anapeza migolo inayi. Ankakankha wilibala kupita kophera ng'ombe n'kubwera nayo yodzaza, anthu m'njira akugwira mphuno. Kwa omata matayala anapempha machubu akale a malole, n'kuwamata zigamba mpaka atakwana khumi ndi awiri. Gasi wochokera m'migolo ankasungidwa m'machubuwo, omwe anawandandalika kuseri kwa nyumba, kutali ndi moto. Pamwamba pa chubu ankaika thabwa, pathabwapo njerwa, kuti kulemerako kukankhe gasi m'paipi yodutsa pabowo la khoma mpaka m'labu. Njerwa imodzi inali moto wochepa, njerwa zinayi moto waukulu.

Tsiku limene lawi loyamba linayaka, labuluu, lopanda utsi, a Goliati anakhala pansi n'kuliyang'ana mpaka miyendo inachita dzanzi. Anatuluka akumwetulira okha.

A Felistus nawo chidwi chinawagwira. Iwo anali atatha zaka makumi awiri ali pamoto, kuotcha chimanga ndi kukazinga zitumbuwa pamsika, ndipo moto wopanda nkhuni kapena makala ankafunitsitsa kuuona.

"Batate ba Maud, nilangizeniko mulilo wanu," anatero tsiku lina. "Ine nimvela chabe kulila kwake pa chipupa."

"Bamake Maud, labu si kichini. Muzaona nikasiliza."

"Nanga muzasiliza liti?"

"Sayansi siifunsiwa so," anayankha a Goliati, kiyi n'kulowetsa m'thumba.

Ndiye ankayesa okha. Chowotchera chawo anachipanga ndi paipi ndi chitini choboola timabowo. Kumbuyo kwake anaimika rula yakale ya kusukulu ya mwana wawo Maud, pakhoma n'kukhomapo kachubu kapulasitiki kopindika kokhala ndi madzi a buluu wochapira. Ankayatsa lawi, n'kutuluka, n'kuzungulira nyumba, n'kuponya njerwa pathabwa, n'kubwerera chothamanga. Mapazi makumi awiri ndi awiri, anawawerenga. Akalowa ankapeza lawi litakhala phee pachitini, litangotalika pang'ono. Ankawerenga rula, n'kuwerenga madzi a buluu, n'kulemba. Njerwa ziwiri, lawi lili phee. Zitatu, phee. Zinayi, chimodzimodzi. Bukulo linadzaza ndi manambala okongola.

Komabe kasanu pa miyezi iwiri analowa n'kupeza mdima wokhawokha ndi fungo la mazira oola. Moto unali utafa iwo ali m'njira. Ankaima pamenepo akukanda mutu, n'kuuzira m'paipi, n'kugwedeza chitini, n'kuyatsanso, lawi n'kukhala bwino ngati palibe chachitika. Potsiriza analemba kuti mwina m'paipi munali madzi. Munthu akalephera kudziwa chinthu amachipatsa dzina kuti chileke kumusowetsa tulo, ndipo a Goliati anachita momwemo.

A Felistus, amene ankasenda mtedza atatsamira khoma la labu, anali ndi zawo zimene anamva.

"Mukaika njelwa paja, mulilo wanu ulila monga chitenge pa mphepo," anawauza. "Uchita papapa, ndiye ukhala zii. Chichitika n'chani mukati muja?"

"Makutu sayeza mulilo, bamake Maud. Tiyeza na rula."

"Ine nakamba chabe vamene namvela."

A Goliati anaseka mokoma mtima, monga amasekera munthu wophunzira akamva zonena za osaphunzira, nkhaniyo n'kuthera pomwepo.

Nthawi yomweyo n'kuti pakhomopo pali nkhani ina yaikulu. Maud, mwana wawo mmodzi yekha, anali atatomeredwa ndi mnyamata wa Chibemba wa ku Mandevu, dzina lake Mukupa, makaniko wa maminibasi. Ukwati unakonzedwa kuti udzachitike pa Isitala. Azakhali a mnyamatayo, a Nsama, amene anamulera, anatumiza mawu akuti usanafike ukwati akufuna mwambo wakwawo wa chilanga mulilo. Pamwambowu akuchikazi amaphika ndiwo zamitundumitundu n'kuzisenza kukapereka kwa mkamwini ndi abale ake, kuti alawe dzanja la pakhomo pamene akukwatira. Zimene zili m'mapotomo ndizo zimanena za mtsikanayo ndi amayi amene anamulera. Tsiku linagwa Loweruka lina m'Febuluwale, ndipo a Nsama ananenetsa kuti chakudya chifike dzuwa lili paliwombo, chifukwa abale ochokera ku Kasama ankayenera kukwera basi yamasana.

Sabata imeneyo mvula inagwa usana ndi usiku. Kanyama inasanduka dambo, anthu n'kumayenda nsapato zili m'manja, malole a makala osafika. Makala ochepa amene ankapezeka anali onyowa. Lachinayi a Felistus anamanga chitenje kuti apite ku Linda ndi mng'ono wawo Elina, chifukwa anamva kuti kumeneko kuli munthu amene anasunga matumba ouma.

"Muyenda kuti?" anafunsa a Goliati. "Malasha ya chani? Gasi ilipo, machubu yonse yazula."

"Mufuna tiphikile apongozi na mpweya wa matuvi ya ng'ombe?"

"Mulilo ni mulilo. Ndipo uyu ulibe chusi chodetsa mapoto. Vakudya vizafika ku Mandevu voyela, banthu bazafunsa ati mwaphika bwanji."

"Ngati ni so, tiyeni tiyese lelo na poto ikulu ya nyemba, nione na menso yanga."

"Kuononga gasi. Nayesa kale myezi ibili, vonse vili mu buku."

A Felistus akanapitabe ku Linda, koma Maud ndiye anawagwira mkono. Mtsikanayu ankawakonda bambo ake, ndipo ankaona mmene ankazimiririka nkhani za ukwati zikayamba, popeza analibe choti n'kuponyapo.

"Amai, basiyeni badadi," anatero motsitsa mawu. "Nabo bachiteko kanthu pa ukwati wanga."

Mayiyo anayang'ana mwana wake, n'kumasula chitenje chapaulendo. Mtima wawo sunakhazikike, koma anagonja chifukwa cha Maud.

Loweruka kunacha bwino, dzuwa lili ngwee ngati likupepesa. A Goliati anatulutsa zowotchera zinayi n'kuziika pabwalo pamalo ouma, chilichonse pakati pa mafuwa a njerwa. Azimayi asanu ndi atatu anabwera kudzathandiza, a Elina ali patsogolo. Panali nkhuku, nsomba zouma, kapenta, bowa, nkhwani wotendera amene kuno amati chibwabwa, chikanda, ndi poto wamkulu wa nyemba zimene zinanyikidwa dzulo lake. A Goliati anayatsa machesi, panamveka kuti bu, koma pachitini panalibe chooneka. Lawi labuluu lija, limene linkakongola mumdima, padzuwa silinkaoneka n'komwe.

"Mulilo uli kuti, alamu?" anafunsa a Elina. Anapititsa dzanja pamwamba, n'kulibweza msanga. "Ulipo zoona. Koma uyu ni mulilo wa bwanji wosaoneka?"

Azimayi anaunjikana, wina kuwerama, wina kusuzumira m'mbali, wina kuyesa ndi kaudzu kuti aone ngati kapse. Anaseka, anadabwa, ndipo a Goliati anatalika ndi chikhatho chathunthu. Mapoto anakhazikidwa, iwo n'kupita kuseri kwa nyumba kukayang'anira machubu.

Patapita ola, a Elina anaona kuti mapoto akuchedwa kuwira.

"Alamu, onjezelani mulilo!"

A Goliati anaponya njerwa yachiwiri pathabwa, n'kuwonjezera yachitatu kuti asawavutitsenso.

"Bwanji manje?" anafunsa ali kuseri komweko.

"Ulila maningi manje," anayankha a Elina, akumva mluzu wamphamvu pansi pa mapoto.

Mluzu umenewo unali wa gasi wotuluka popanda moto. Malawi onse anayi anali atafa, ndipo panalibe diso limene likanaona. Fungo linamveka, koma pakhomo pamene pali migolo inayi ya ndowe fungo silidabwitsa munthu. Azimayi anapitiriza kusinja mtedza ndi kuimba nyimbo zawo. Panapita nthawi yaitali a Felistus asanakhudze poto wa nyemba n'kupeza kuti akhoza kumugwira ndi manja awiri osapsa.

A Goliati anabwera chothamanga. Anauzira m'mapaipi, anagwedeza zitini, n'kuyatsanso. Gasi amene anadzazana pansi pa poto wina anaphulika kuti bu, azimayi n'kubalalika, nsidze za a Elina n'kuwauka. Moto unayaka. Koma chubu chikaphwa ankalumikiza china n'kuponyapo njerwa, ndipo nthawi iliyonse moto unkafanso mwakachetechete. A Felistus anayamba kuyendera mapoto ndi chikhatho ngati namwino woyendera odwala, koma mapoto anali anayi, ntchito zina zili mbwee. A Goliati ankathamanga pakati pa machubu ndi bwalo, thukuta lili kamukamu, osamvetsa chimene chikupha moto umene unawamvera miyezi iwiri. Isanakwane leveni koloko chubu chotsiriza chinagona pansi, nkhuku ili yofiira mkati, nyemba zisanayambe n'kufewa komwe.

Zimene zinatsatira a Goliati anangoziona ataima ngati mlendo pakhomo pawo. Azimayi anamwazika m'makomo kukapempha timakala, wina kubwera ndi kambale, wina chimanjamanja. A Elina anatenga nkhwangwa osapempha chilolezo. Benchi ya m'labu inawazidwa, kenaka chitseko chenicheni cha labu, loko ali lende. Matabwa ena anali onyowa, utsi unadzaza bwalo, maso a aliyense ali psuu. Maud ankakupiza moto ndi chivundikiro cha poto misozi ikutsika, ndipo panalibe amene anafunsa ngati inali ya utsi.

Chakudya chinanyamuka itadutsa fili koloko. Azimayi anachimanga m'zitenje n'kusenza, koma nyimbo zimene amaimba popita zinkatuluka mopanda mphamvu. A Felistus ndi Maud anatsala, monga mwa mwambo.

Dzuwa likupendeka a Elina anabwerera ndi anzawo. Mapoto onse anali opanda kanthu kupatula mmodzi, amene anamutula pakhonde osamumasula.

"Ba ku Kasama tapeza bayenda kale, na njala yabo," anatero a Elina atakhala pansi. "Benangu badya, koma bakamba ati vonse vinunkha chusi. Ndiye ba Nsama basegula iyi poto. Batenga nyemba imozi, bafinya pa vikumo va ku manja pamenso pa banthu bonse. Siinaphwanyike."

"Bakamba chani?" anafunsa a Felistus.

"Bakamba ati mwana wamene bamake sibanamulangize kupya kwa nyemba azasunga bwanji nyumba. Ati ukwati wa pa Isitala uyembekeze, Maud abwelele kuli alangizi, bamuphunzise futi."

"Simunabauze va gasi?" anafunsa a Goliati.

A Elina anawayang'ana ndi nkhope yopanda nsidze ija.

"Nikambe pamenso pa apongozi ati tenze kuphika na mpweya wa matuvi? Imwe alamu, nsoni zinakwana kale."

Choncho mlandu wonse unagwera mayi ndi mwana, amene sanalakwe kanthu. Maud anaimirira n'kulowa m'nyumba osayang'ana bambo ake. Sanalire mokweza, sanawanene, ndipo zimenezo n'zimene zinawapweteka kwambiri a Goliati. Anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire, oposa a tsiku limene analandira kalata ku fakitale.

Lamulungu palibe amene anapita kutchalitchi. Chakumasana a Goliati anali atakhala panjerwa m'labu yopanda chitseko, buku lili pamiyendo, akutembenuza masamba. Manambala onse anali olondola, ndipo ankawayang'ana ngati angawauze chimene anabisa. Kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Anali a Felistus, bulangete lili paphewa.

"Gasi yasalako?"

"Madilamu yapanga pang'ono usiku. Chubu imozi, hafu."

"Yashani. Nifuna kuona chinthu chamene chanichitisa nsoni."

Panalibenso chitseko choti n'kuwatsekera. A Felistus anapachika bulangete pakhomo, m'chipindamo munada, lawi linayatsidwa. Mayiyo anagwada n'kuliyang'anitsitsa nthawi yaitali. Mkwiyo unalipo, koma chidwi chinauposa.

"Ni wabwino," anatero. "Manje yendani mukaike njelwa monga mwamene muchitila. Ine nikhala pano."

A Goliati anazungulira nyumba n'kuponya njerwa. Nthawi yomweyo mawu a akazi awo anadutsa pabowo la khoma.

"Wanyamuka. Wasiya chitini, waimilila pamwamba. Ugwedezeka. Manje ubwelela. Wakhala."

A Goliati anauma pomwe anaimapo. Mawu amenewo anawamva zaka khumi ndi zinayi kuchokera kuseri kwa khoma lina, ndipo ankadziwa bwino tanthauzo lake. Njerwa ikagwa pathabwa, gasi ankatuluka mwaliwiro kuposa mmene moto ungamudyere, lawi n'kukankhidwira m'mwamba. Chubu chikakhazikika, lawi linkabwerera. Zonsezi zinkatha iwo asanamalize mapazi awo makumi awiri ndi awiri.

"Bwelani muone," anaitana a Felistus. "Njelwa nizaika ine."

Anasinthana. A Goliati anagona chafufumimba, chibwano chili pansi, maso pakamwa pa chitini. Njerwa inagunda thabwa kuseri. Lawi linadzuka n'kusiya chitsulo, n'kuima m'malere pamtunda wa zala zitatu, pansi pake pali mdima weniweni. Linkanjenjemera, m'mphepete mwake mukung'ambika ndi kulumikizana, likulira ngati nsalu pamphepo. Kenaka linatsika pang'onopang'ono n'kukhalanso pamalo pake.

"Chitani futi," anapempha.

A Felistus anachita katatu. Kenaka analowa atanyamula poto wamkulu wa madzi n'kumukhazika pamafuwa pamwamba pa lawi.

"Imwe munayesa mulilo weka. Ise tiphika na poto. Onani manje."

Njerwa itagwa, lawi linanyamuka monga kale, koma linakagunda kunsi kwa poto, n'kuphwasuka, n'kuthawira m'mbali kufuna mpweya, n'kuzima. Mluzu wa gasi unapitirira wokha mumdima. A Goliati anapinda paipi kuti gasi asathe.

A Felistus analowanso, ulendo uno atatenga waya wolukana amene ankaotcherapo chimanga pamsika. Anamupinda n'kumuvundikira pachitini, n'kuuza amuna awo kuti ayatse. Anabwezerapo poto, n'kupita kuseri. Njerwa yachiwiri inagwa, kenaka yachitatu. Lawi linafuna kunyamuka, koma mizu yake inakakamira pawaya amene anali atafiira. Linagwedezeka, linalira, koma silinachoke.

"Bamake Maud," anaitana a Goliati, "ichi n'chani? Wagwila pa waya. Mwaziba bwanji?"

"Pulaimasi yanga yakale ya palafini inataika kachisote, yenze kuzima nikapompa maningi," anayankha a Felistus akulowa. "Ninaikapo waya, inaleka. Chifukwa chake sinichiziba. Imwe ba sayansi ndimwe muzaniuza."

"Waya ichepesa liwilo ya gasi pafupi na yeve, ndipo isunga kupya. Mulilo upeza pogwila." A Goliati anapukusa mutu. "Ku labu injiniya enze kuika kansimbi pakamwa pa paipi. Nenze kulemba chabe manambala, sininaone chamene kanali kuchita."

Anakhala pansi awiriwo, mapewa atagundana m'kachipinda kopanikiza, akuyang'ana moto umene tsopano unkawiritsa madzi mosatekeseka. Zimene zinawakanika miyezi iwiri zinatheka madzi a m'poto asanafike powira. Poganiza zimenezi a Goliati anagwetsa misozi, ndipo akazi awo sanawatonthoze, komanso sanawanyoze.

"Mailo niyenda ku Mandevu," anatero pambuyo pake. "Nikabauze ba Nsama ati wamene sanaphunzile mulilo ndine, osati Maud."

"Muzayenda," anayankha a Felistus, "koma simuyenda mweka. Va mweka taviona."

M'mawa mwake anapitadi awiri, a Goliati atavala jekete yawo ya ku fakitale. Anagwada pamaso pa a Nsama n'kufotokoza zonse, kuyambira ku wilibala ya ndowe mpaka ku chitseko chimene chinaphika nkhuku. A Nsama anamvetsera mpaka kumapeto, anafunsa mafunso ambiri okhudza motowo kuposa mmene a Goliati ankayembekezera, ndipo anavomera kuti mtsikanayo analibe mlandu. Koma mawu amene ananena pagulu sakanawameza tsiku limodzi. Isitala inadutsa, ukwati n'kudzachitika mu Ogasiti. Abale a ku Kasama, amene anakwera basi ndi njala, anali atapita nayo kale nkhani, ya nyemba n'kuwatsatira, kumene kupepesa kwa a Goliati sikukanafika. Mpaka lero Maud, mayi wa ana anayi, akafika kumudzi kwa amuna ake n'kugwira poto, pamapezeka wina womufunsa moseka ngati nyemba zapsa. Iye amaseka nawo, koma bambo ake akamva zimenezi saseka.

Nzeru a Goliati anali nazo, ndipo chidwi chawo chinali chenicheni. Chimene anasowa ndi maso a munthu wina pamalo pamene awo sakanafika, pomwe munthuyo anali atatsamira khoma lomwelo masiku onsewo, akupempha kuti alowe. Akuluakulu sananame pamene anati, ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.